ANAFIKA KANAYI PA KHOMO LA CHIKHO, OSALOWA: NKHANI YA MINNESOTA VIKINGS

Kuyambira chaka cha 1969 kufikira chaka cha 1976, timu ya Minnesota Vikings inali imodzi mwa matimu oopedwa koposa pa mpira wa ku America. M'zaka zisanu ndi zitatu zimenezo inasewera masewero a ligi 112, ndipo inapambana 87, kugonja 24, ndi kufanana mphamvu ndi anzake kamodzi kokha. Kanayi konse inafika pa masewero otsiriza olimbirana chikho cha dziko lonse, amene eni ake amawatcha Super Bowl, ndipo kanayi konseko inabwerera kwawo chimanjamanja. Mapointi onse amene inapeza pa masiku anayi amenewo ndi 34, pamene adani ake anapeza 95. Chodabwitsa koposa nchakuti pa masewero anayi onsewo sinatsogolepo ngakhale kwa mphindi imodzi, ndiponso sinapezepo pointi ndi imodzi yomwe m'chigawo choyamba.

Anthu a ku Minnesota akhala akufunsana za chinthu chimenechi kwa zaka pafupifupi 50. Ena amati linali tsoka chabe, ena amaloza nyengo, enanso amaloza mphunzitsi wa timuyo, Bambo Bud Grant. Ife tikuona kuti chifukwa chachikulu chili poyera kwa aliyense amene angafatse ndi ziwerengero za masewerowo: timu imeneyi inamangidwa pa liwiro la anthu opepuka thupi, ndipo tsiku lililonse la chikho inkakumana ndi anthu olemera amene anali atadziwa kale mmene angasandutsire liwirolo kukhala msampha.

Kaseweredwe kake

Tisanapite patali nkoyenera kuti tifotokoze pang'ono za masewero amenewa, pakuti ndi osiyana kutalitali ndi mpira wamiyendo umene awerengi athu amaudziwa. Mpira wake ndi wosongoka ku mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri umanyamulidwa kapena kuponyedwa ndi manja. Bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu 11 pa nthawi imodzi. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthire kutsogolo mayadi khumi. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufikitsa mpira kuseri kwa mzere wotsiriza wa adani, kumene amakutcha touchdown, kumapatsa mapointi 6, ndipo pointi ina imaonjezedwa ngati aumenya bwino ndi mwendo pambuyo pake. Kuumenya ndi mwendo kuti udutse pakati pa milongoti popanda touchdown kumapatsa mapointi 3.

Njira zosunthira mpira zilipo ziwiri. Mtsogoleri wa gulu loukira, amene amamutcha quarterback, akhoza kuupereka m'manja mwa mnzake kuti athamange nawo, kapena akhoza kuuponya m'mwamba kuti mnzake wina akauwakhe kutsogolo. Koma zonsezi zisanachitike, amuna asanu a gulu loukira amawerama moyang'anizana ndi amuna anayi kapena atatu a gulu lotchinga, zipumi kutsala pang'ono kugundana. Ntchito ya asanuwo ndiyo kukankha adani kuti wothamanga apeze podzera ndi kuti quarterback apeze nthawi yoponyera. Ntchito ya enawo ndiyo kuboola ndi kugwetsa amene ali ndi mpira. Maso a oonerera amatsata mpira, koma mlandu umagamulidwa pa mzere umenewu, ndipo tikupempha awerengi kuti aukumbukire.

Masiku amenewo timu iliyonse inkasewera masewero a ligi 14, kuyambira Seputembala kufikira Disembala. Pambuyo pake matimu owerengeka amene achita bwino ankalowa m'ndime ya chipulula, mmene wogonja kamodzi amatuluka osabwereranso, kufikira otsala awiri akakumana pa Super Bowl mu Januwale wa chaka chotsatira.

Mmene timuyi inamangidwira

Timu ya Vikings inayamba kusewera mu 1961. Mu 1967 akuluakulu ake, motsogozedwa ndi Bambo Jim Finks, anaitana Bambo Grant kuchokera ku Canada, kumene anali kuphunzitsa timu ya Winnipeg Blue Bombers. Bambo Grant anali munthu wosayankhulayankhula, wosaonetsa chimwemwe kapena mkwiyo pa nkhope, ndipo chiphunzitso chawo chinali chachifupi: njira zikhale zochepa, aliyense adziwe malo ake, ndipo cholakwa chichokere kwa adani. Bwalo la timuyi, Metropolitan Stadium ku Bloomington, linali lopanda denga m'dera limene madzi amauma gwa ndi chisanu m'mwezi wa Disembala, koma iwo analetsa zipangizo zootha m'mbali mwa bwalo pa mbali ya anyamata awo, poti munthu amene akuganiza za kuotha saganiza za mpira.

Mphamvu ya timuyi inali pa amuna anayi a kutsogolo kwa gulu lotchinga: Carl Eller, Jim Marshall, Alan Page ndi Gary Larsen. Chifukwa cha malaya awo achibakuwa ndi mmene ankagwirira adani, anthu anawapatsa dzina lakuti Purple People Eaters, ndiko kunena odya anthu ovala chibakuwa. Sanali anthu olemera kwambiri poyerekeza ndi anzawo a ntchito yomweyo. Page anali wa mapaundi pafupifupi 245, ndiwo makilogalamu 111, ndipo Marshall sanali kutali ndi pamenepo. Chida chawo chinali liwiro: mpira ukangogwedezeka, iwo anali atadutsa kale pakati pa adani. Mu 1969 adani onse pamodzi anangopeza mapointi 133 pa masewero 14, mu 1970 anapeza 143, mu 1971 anapeza 139. Chaka cha 1971 chomwecho Page anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'ligi ya NFL, ulemu umene nthawi zambiri umapita kwa oponya ndi othamanga ndi mpira.

Pa gulu loukira zinthu zinali chimodzimodzi. Munthu wa pakati pa amuna asanu aja, amene amayambitsa mpira, anali Mick Tingelhoff, katswiri wanzeru ndi wachangu, koma wa mapaundi 237 okha. Matimu ambiri a NFL masiku amenewo sankaika munthu maso ndi maso ndi wa pakatiyu, choncho Tingelhoff ankakhala womasuka kuthamangira kutsogolo kukatchinga ena, ndipo kupepuka kwake kunali phindu.

Tsiku loyamba: New Orleans, 1970

M'nyengo ya 1969 a Vikings anapambana masewero 12 mwa 14, napeza mapointi 379, kuposa timu ina iliyonse ya NFL. Pa 4 Januwale 1970 anagonjetsa Cleveland 27 kwa 7 ndi kukhala akatswiri a NFL. Nthawi imeneyo ku America kunali maligi awiri opikisana, NFL imene inali yakale ndi AFL imene inayamba mu 1960, ndipo anthu ambiri ankayesa AFL ligi ya ana. Chotero pamene Minnesota inkapita ku New Orleans kukakumana ndi Kansas City Chiefs ya AFL pa 11 Januwale, olosera anali atapereka kale chikho kwa Minnesota, ndipo ankati idzapambana ndi mapointi oposa khumi. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mphunzitsi wa Kansas City, Bambo Hank Stram, anachita zinthu zitatu. Choyamba anaika chimphona maso ndi maso ndi Tingelhoff, nthawi zina Curley Culp wa mapaundi 265, amene analinso katswiri wa masewero ogwetsana, nthawi zina Buck Buchanan, wamtali mafiti 6 ndi mainchesi 7. Tingelhoff anatanganidwa ndi katundu ameneyu, ndipo njira ya pakati imene othamanga a Minnesota ankadalira inatsekeka. Tsiku lonse anangoyenda mayadi 67 pothamanga ndi mpira. Chachiwiri anaika anthu awiriawiri pa Eller ndi Marshall, nauza quarterback wake Len Dawson kuti aziponya mipira yaifupi msangamsanga odya anthu aja asanamufike. Chachitatu, ndipo ichi ndicho anzake anadzatengera pambuyo pake, ankalola dala otchinga a Minnesota kuti aboole ndi liwiro lawo lonse, kenaka mpira nkudzera pamalo pomwe iwo achokapo. Touchdown yoyamba, ya Mike Garrett, inabwera mwa njira imeneyi.

Chigawo choyamba chinatha 16 kwa 0. Mapointi asanu ndi anayi oyamba anawapeza ndi mwendo Jan Stenerud, mbadwa ya ku Norway, chinthu chimene chinali chowawa mwapadera kwa timu imene inatenga dzina lake kwa ankhondo akale a ku maiko omwewo. Minnesota inataya mpira m'manja mwa adani kasanu, quarterback wake Joe Kapp anatuluka atavulala, ndipo masewero anatha 23 kwa 7.

Mu Seputembala chaka chomwecho matimu awiriwa anakumananso pa tsiku lotsegulira ligi, ndipo Minnesota inapambana 27 kwa 10. Ichi chikusonyeza kuti Kansas City sinali timu yosagonjetseka. Koma chikho chinali chitapita kale.

Zaka zopanda woponya

Zaka ziwiri zotsatira vuto linali la mtundu wina, ndipo sitichedwapo. Kapp anasemphana ndi akuluakulu a timu pa nkhani ya malipiro, napita ku Boston. Gulu lotchinga linali pa chimake cha mphamvu zake, koma loukira linalibe mtsogoleri wokhazikika. Mu 1971 anthu atatu, Gary Cuozzo, Bob Lee ndi Norm Snead, ankasinthana pa udindo umodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Timu inapambana masewero 12 mu 1970 ndi 11 mu 1971, koma zaka zonse ziwiri inatuluka pa masewero oyamba a chipulula, pa bwalo lake lomwe: San Francisco inaigonjetsa 17 kwa 14, ndipo Dallas inaigonjetsa 20 kwa 12 pa tsiku la Khrisimasi. Kunena zoona, izi ndizo zaka zimene Minnesota iyenera kudandaula nazo koposa, pakuti odya anthu aja anali asanayambe kukalamba.

Mu 1972 anabweza Fran Tarkenton kuchokera ku New York Giants, ndipo mu 1973 anapeza mnyamata wothamanga ndi kuwakha bwino, Chuck Foreman. Bowo linatsekedwa, ndipo timu inafika pa Super Bowl katatu m'zaka zinayi.

Houston, 1974, ndi New Orleans, 1975

Pa 13 Januwale 1974 anakumana ndi Miami Dolphins ku Houston. Sabata imeneyo Bambo Grant anadandaula poyera kuti anyamata awo anapatsidwa malo ovalira a pa bwalo la ana a sukulu, mmene timbalame tinali kuuluka m'zipinda zosambiramo, pamene Miami inapatsidwa malo a timu yaikulu ya mumzindamo. Dandaulo linali loona, koma timbalame sitinagonjetse munthu. Chimene chinachitika m'bwalo nchakuti Miami, nthawi ziwiri zoyamba zimene inagwira mpira, inayenda nawo kufikira kuseri kwa mzere, ndipo mphindi 15 zoyamba zisanathe zinali kale 14 kwa 0.

Mphunzitsi wa Miami, Bambo Don Shula, anali ndi amuna a pakati atatu odziwa ntchito, Jim Langer, Larry Little ndi Bob Kuechenberg, ndipo anawagwiritsa ntchito monga Bambo Stram anachitira, koma mwaluso loposa. Ankachita ngati mpira ukupita kumanja, Page nkuthamangira komweko monga mwa chizolowezi chake, pamenepo Larry Csonka, munthu wolemera ngati Tingelhoff yemwe, nkudzera pa mpata wotsalawo. Csonka yekha anathamanga ndi mpira maulendo 33, nayenda mayadi 145. Quarterback wa Miami, Bob Griese, anaponya mpira kasanu ndi kawiri kokha tsiku lonse, pakuti panalibe chifukwa chouponyera. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Minnesota inafika mayadi 6 kuchokera pa mzere wa Miami, ikusowa yadi imodzi yokha kuti ipatsidwe mipata ina. Oscar Reed anathamanga nawo, anagundidwa, mpira nkumupulumuka. Zinatha 24 kwa 7.

Chaka chotsatira, pa 12 Januwale 1975, kunali ku New Orleans kachiwiri, ndipo adani anali Pittsburgh Steelers. Tsiku limeneli gulu lotchinga la Minnesota linagwira ntchito yotamandika kwa nthawi yaitali, moti chigawo choyamba chinatha 2 kwa 0, mapointi awiriwo atabwera chifukwa Tarkenton anagwidwa ndi mpira kuseri kwa mzere wake womwe. Koma gulu loukira linaphwanyidwa kotheratu. Joe Greene wa Pittsburgh ankaima chopendekera pa mpata wa pakati pa Tingelhoff ndi mnzake woyandikana naye, ndipo pamodzi ndi Ernie Holmes, L. C. Greenwood ndi Dwight White anatseka njira zonse. Othamanga a Minnesota anayesa maulendo 21, nayenda mayadi 17. Awerengi aone bwino chiwerengero chimenechi: ulendo uliwonse sunkakwana ndi yadi imodzi yomwe. Foreman anataya mpira patatsala mayadi 5 kuti afike pa mzere wa Pittsburgh. Mapointi 6 amene Minnesota inapeza sanachokere kwa gulu loukira konse. Anabwera pamene Matt Blair anatchinga mpira umene adani anali kuumenya ndi mwendo, Terry Brown nkuugwera kuseri kwa mzere.

Gulu lotchinga likakhala m'bwalo nthawi yaitali chotere limatopa, ndipo opepuka thupi amene akhala akugundana ndi olemera ndiwo amayamba kutopa. Franco Harris anathamanga maulendo 34, nayenda mayadi 158, kuposa chiwerengero chimene Csonka anaika chaka chapitacho. Zinatha 16 kwa 6.

Tsoka lenileni

Pali tsiku limodzi limene okhulupirira tsoka ali ndi mlandu womveka. Mu 1975 timu inapambana masewero khumi oyamba motsatizana, nitsiriza ndi 12 mwa 14, ndipo Tarkenton anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Anthu ambiri amati imeneyi ndiyo inali timu yabwino koposa ya Bambo Grant. Pa 28 Disembala, pa bwalo lawo, anali kutsogola 14 kwa 10 pa Dallas Cowboys patatsala theka la mphindi. Roger Staubach anaponya mpira kuchokera pakati pa bwalo, Drew Pearson anauwakha pafupi ndi mzere, pamene womulondera, Nate Wright, anali atagwa pansi. Anthu a ku Minnesota amalumbira kufikira lero kuti Pearson anamukankha. Oimbira sanaone cholakwa. Staubach anauza atolankhani kuti anatsinzina ndi kupemphera pemphero la Maria Woyera, ndipo kuchokera pamenepo mpira woponyedwa patali mwa kutaya mtima umatchedwa Hail Mary. Oonerera anakwiya kwambiri, moti mmodzi wa oimbira anagendedwa ndi botolo pa chipumi. Atatuluka m'bwalo, Tarkenton anauzidwa kuti bambo ake amwalira ndi nthenda ya mtima akuonera masewero omwewo pa wailesi ya kanema.

Ili tikhoza kulitcha tsoka. Koma ndi tsiku limodzi mwa masiku khumi amene timuyi inagonja m'ndime ya chipulula pakati pa 1968 ndi 1978, zaka zimene inapambana m'ndime yomweyo kasanu ndi kanayi.

Pasadena, 1977

Ulendo wachinayi unali pa 9 Januwale 1977, ku Pasadena, polimbana ndi Oakland Raiders. Pofika tsiku limeneli pa kupepuka paja panali pataonjezeka ukalamba. Marshall anali ndi zaka 39, Tingelhoff ndi Tarkenton 36 aliyense, Eller 34. Bambo Grant anali okhulupirika kwa anthu awo akale, ndipo anthuwo anali olimba zedi: Marshall anayamba masewero a ligi 270 motsatizana ali ku Minnesota, Tingelhoff 240, osadumpha ndi amodzi omwe. Kukhulupirika kotere nkwabwino, koma kunachititsa kuti mzere wa 1969 ukhale pafupifupi womwewo mu 1977, pamene Bambo Finks, amene anausonkhanitsa, anali atachoka kale mu 1974 kupita ku Chicago.

Mwayi unayamba wagwera Minnesota. Fred McNeill anatchinga mpira wa Ray Guy, munthu amene mpira wake unali usanatchingidwepo chiyambire kusewera m'ligi, ndipo Minnesota inautenga patatsala mayadi 3 okha, ziwerengero zili 0 kwa 0. Apa ndi pamene timuyi inayandikira koposa kutsogola pa Super Bowl. Anayesa kuthamanga nawo kawiri; ulendo wachiwiri Brent McClanahan anagundidwa, mpira nkugwa, Oakland nkuutola. Kuchokera pamenepo Bambo John Madden, mphunzitsi wa Oakland, anatumiza othamanga awo ku dzanja lamanzere mobwerezabwereza, kumene Art Shell ndi Gene Upshaw anali kukankha Marshall ndi Page. Shell anamuposa Marshall kulemera kwambiri, ndipo Marshall sanagwetse munthu ndi mmodzi yemwe tsiku lonse. Clarence Davis anayenda mayadi 137 pa maulendo 16 okha. Chigawo choyamba chinatha 16 kwa 0, masewero onse 32 kwa 14.

Tiyeni tsopano tiike pamodzi mayadi othamanga ndi mpira pa masiku anayiwo. Minnesota inayenda 67, 72, 17 ndi 71, onse pamodzi 227. Adani ake anayenda 151, 196, 249 ndi 266, onse pamodzi 862. Onaninso kuti chiwerengero cha adani chinali kukwera ulendo uliwonse, monga mmene zaka za otchinga zinali kukwerera. Ndipo mipira itatu ija imene inatayika pa khomo penipeni, wa Reed, wa Foreman ndi wa McClanahan, amene ambiri amaiwerengera ku tsoka, yonse inatayika pamene wothamanga anali kuyesa kuboola mzere umene anzake analephera kuukankha. Munthu amene wagundidwa asanapeze podzera ndiye amataya mpira.

Za chisanu ndi za mphunzitsi

Amene amaloza nyengo amati timuyi inkapambana kwawo chifukwa alendo ankazizidwa, ndipo ikapita ku madera ofunda kumene Super Bowl imachitikira, chida chimenecho chinkatsala kunyumba. Muli choona pang'ono m'mawu amenewa, makamaka tikakumbukira kuti Los Angeles Rams, timu ya ku dera la dzuwa, inagonja ku Bloomington m'ndime ya chipulula katatu, mu 1969, 1974 ndi 1976. Koma San Francisco ndi Dallas nawonso ndi matimu a ku madera ofunda, ndipo anapambana pa chisanu chomwecho mu 1970, 1971 ndi 1975. Ndiponso mu Disembala 1973 Minnesota inapita ku Texas nikagonjetsa Dallas 27 kwa 10 kopanda chisanu chilichonse, ndipo tsiku limene inagonja kwa Pittsburgh ku New Orleans kunali kozizira ndi konyowa. Chisanu sichikwanira kufotokoza nkhaniyi.

Za Bambo Grant nkhani yake ndi yovutirapo. Kunena kuti sankadziwa kupambana masewero akuluakulu ndi kuwalakwira, pakuti ku Winnipeg anatenga chikho cha Canada, Grey Cup, kanayi: mu 1958, 1959, 1961 ndi 1962. Chimene tingawanenere nchakuti chiphunzitso chawo chinali choyenera ligi koposa chipulula. Pa masewero 14, timu imene imachita zinthu zochepa zomwezo mosalakwitsa imagonjetsa matimu ambiri, popeza ambiri amadzigonjetsa okha. Chinawathandizanso nchakuti matimu a m'chigawo chawo, Green Bay, Chicago ndi Detroit, sanali amphamvu kwenikweni m'zaka zimenezo, moti Minnesota inakhala yoyamba m'chigawocho zaka khumi mwa zaka 11, kuyambira 1968 kufikira 1978. Koma pa tsiku la chikho mdani sadzigonjetsa yekha, ndipo amakhala atapenda zithunzi za masewero anu onse, kawirikawiri kwa masabata awiri athunthu. Bambo Stram, Bambo Shula, Bambo Chuck Noll a ku Pittsburgh ndi Bambo Madden aliyense anadza ndi chinthu chokonzera Minnesota yokha. Minnesota inkadza monga inalili mu Okutobala, ndipo zinthu zikavuta m'chigawo choyamba sinkakhala ndi njira ina m'thumba. Mapointi a zigawo zoyamba za masiku anayiwo, tikawaphatikiza, ndi 51 kwa 0.

Tiyeneranso kuwachitira chilungamo ponena za adani amene anakumana nawo. Miami imene inawagonjetsa ndi yomwe inapambana masewero onse 17 m'nyengo ya 1972, chinthu chimene timu ina sinachitepo m'nthawi ya Super Bowl. Pittsburgh inali kuyamba ulendo wotenga zikho zinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Oakland inali itagonja kamodzi kokha chaka chonsecho. Maligi awiri aja atalumikizana mu 1970, matimu anagawidwa m'mbali ziwiri, NFC kumene kunali Minnesota ndi AFC kumene kunali adani ake onsewa, ndipo pa ma Super Bowl 13 a pakati pa Januwale 1969 ndi Januwale 1981, mbali ya Minnesota inatenga chikho kawiri kokha, kawiri konseko kudzera mwa Dallas. Choncho Minnesota inali yoyamba ku mbali imene inali yofooka, ndipo pofika pa khomo inkakumana ndi wopulumuka wa ku mbali yamphamvu. Komabe Dallas inatha kawiri, ndipo mu Januwale 1976 inagonja kwa Pittsburgh ndi mapointi anayi okha. Minnesota sinagonjepo ndi mapointi ochepera khumi.

Kumwazika kwa timuyi

Mu 1977 timuyi inafikanso pa masewero otsiriza a mbali ya NFC, nigonja kwa Dallas 23 kwa 6, Tarkenton ali kunja ndi mwendo wothyoka. Iye anapuma pambuyo pa nyengo ya 1978 pamodzi ndi Tingelhoff, Marshall anapuma pambuyo pa 1979, ndipo mu 1982 timu inasamukira m'bwalo lokhala ndi denga mumzinda wa Minneapolis. Pa malo pamene panali Metropolitan Stadium lero pali nyumba yaikulu ya masitolo, Mall of America. Chiyambire tsiku la ku Pasadena, Minnesota sinafikenso pa Super Bowl. Bambo Grant anamwalira mu Malichi 2023 ali ndi zaka 95.

Alan Page anachoka mwa njira yakeyake. M'zaka zake zotsiriza ku Minnesota anali kuphunzira za malamulo, ndipo anayamba kuthamanga mitunda italiitali pofuna thanzi, moti thupi lake linatsika kufika pa mapaundi pafupifupi 220. Mu Okutobala 1978, nyengo ili mkati, Bambo Grant anamuchotsa m'timu poona kuti wapepuka mopitirira muyeso ndipo sakuthanso kugwira ntchito ya pa mzere monga kale. Chicago inamutenga, ndipo anaisewerera kufikira 1981. Mu 1992 anthu a ku Minnesota anamusankha kukhala woweruza m'khoti lalikulu koposa la boma lawo, ndipo anakhala pa mpando umenewo kuyambira 1993 kufikira 2015.